Dzuwa la kudzanja lamanja

Buku loyamba ndinaligula chifukwa cha manyazi. Ndinapita ku Lilongwe kukaoda katundu wa shopu yanga ya hadiweya, mvula inandipeza, ndipo ndinathawira pakhonde pamene mnyamata wina amayala mabuku akale. Ndinaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu nditamutchingira malonda. Mvula itakata ndinaona kuti kungochoka chonchi n'kupanda ulemu, ndiye ndinatola buku lonenepa lopanda chikuto, lachingerezi, lonena za mafumu a ku Egypt, Babylon, Greece ndi Rome. Ndinkati mwina ana adzalifuna kusukulu. Ana sanalikhudze n'komwe. Amene analitsegula ndine, madzulo ena magetsi atathima, ndipo kuchokera tsiku limenelo mayi a kunyumba amati ali pamitala ndi anthu akufa.

Ndikulemba izi poganizira anzanga amene munayamba kuwerenga za makedzana ndi moto, kenako moto n'kuzirala, moti pano buku lili pamwamba pa wadilopu likusamba fumbi. Inenso zinandichitikira. Ndinaleka kwa zaka pafupifupi ziwiri.

Amene anandiphera chidwi ndi ine ndemwe. Ndinkawerenga ngati munthu amene mawa akukalemba mayeso a Fomu 4. Ndinagula kope, ndinajambula mizere, n'kuyamba kuloweza maina a mafumu ndi zaka zawo. Koma mafumu a ku Egypt otchedwa Ramesses alipo 11. Cleopatra wotchuka uja amawerengedwa wachisanu ndi chiwiri pa akazi a dzina limenelo. Kuwonjezera apo, zaka za BC zimayenda chafutambuyo, moti munthu amabadwa cha m'ma 484 n'kudzamwalira cha m'ma 425, ndipo mutu wanga wozolowera kuwerengera misomali unkakana. Ndikafika patsamba 80 ndimakhala nditaiwala za patsamba 20, n'kubwereranso. Mapeto ake ndinadziuza kuti izi n'za anthu ophunzira, ine sukulu ndinailekera panjira. Buku lija linapeza ntchito ina, yopsinja marisiti pakauntala kuti asauluke ndi mphepo.

Amene anandibweza ndi kasitomala wokwiya. Bambo wina anabweza malata 12 amene ndinamugulitsa, ati ndi opyapyala, si geji imene analipira. Ankanena zoona, kungoti nanenso anandipusitsa kumene ndinakaoda. M'malo mopepesa ndinapsa mtima pamaso pa anthu. "Ngati mukuwafuna tengani, ngati simukuwafuna njira ndi iyo." Madzulo ndikufotokoza kunyumba, mwana wa mlongo wanga amene anali patchuthi kuchokera ku koleji anangoyamba kuseka. Anatokosatokosa foni yake n'kundipatsira. "Amalume, taonani mnzanu uyu."

Chinali chithunzi cha kachidutswa ka dongo kokwana m'dzanja, kodzaza ndi timizere tonga mapazi a nkhuku. Kanafukulidwa ku Ur, m'dziko limene lero ndi Iraq, mzinda womwe uja Baibulo limati kunachokera Abrahamu, ndipo pano kali ku British Museum ku London. Ndi kalata ya cha m'ma 1750 BC. Munthu wina dzina lake Nanni akukalipira wamalonda wotchedwa Ea-nasir, amene ankaitanitsa mkuwa kudzera ku Dilmun, kumene lero kuli Bahrain. Mutu wa dandaulo ndi woti unandilonjeza mkuwa wabwino, koma mthenga wanga atabwera unamuikira wachabechabe n'kumuuza kuti ngati ukufuna tenga, ngati sukufuna choka. Kodi iwe ukundiyesa ndani kuti undinyoze chonchi? M'nyumba ya Ea-nasir anapezamo makalata enanso a anthu odandaula. Mkulu ameneyu madandaulo ankawasunga ngati mmene ife timasungira marisiti.

Ndinaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunandithera. Mawu anga a masana aja anali atayankhulidwa kale zaka zoposa 3,700 zapitazo, ndipo mwini wake dziko lonse lero likumudziwa ngati kamberembere. M'mawa mwake ndinakweza malata oyenera pangolo n'kukapereka ndekha. Pobwerera ndinachotsa buku lija pa marisiti.

Ulendo uno ndinasiya kusaka mafumu, ndinayamba kusaka anthu. Ndikatsegula buku ndimafuna kudziwa kuti ankadya chiyani, ankalipidwa bwanji, ankakanganirana chiyani. Mudzi umene unandigwira kwambiri ndi Deir el-Medina, kufupi ndi Luxor, kumene kunkakhala amisiri osema ndi kujambula manda a mafarao. Anthuwa zinthu za tsiku ndi tsiku ankazilemba pa mapale ndi tizibenthu ta miyala, ndipo masauzande a timiyala timeneti tinapezeka. Pali mwala wina wa m'chaka cha 40 cha ufumu wa Ramesses II umene ndi kaundula wa antchito ojomba, chifukwa chake chili pambali pa dzina. Wina anadwala diso. Wina analumidwa ndi chinkhanira. Wina ankakonza mtembo wa mayi ake. Enanso ankafulula mowa. Tangoganizani kufika kwa abwana n'kunena kuti dzulo sindinabwere, ndimaphika mowa, iwo n'kungolemba osakufunsa zambiri.

M'mudzi momwemo, m'chaka cha 29 cha Ramesses III, m'zaka za m'ma 1150 BC, malipiro anachedwa. Malipiro ake anali tirigu ndi balere, ndalama zachitsulo kunalibe. Amisiri anaika zida pansi, anadutsa pa alonda, n'kukakhala pansi pa kachisi wina akuti tili ndi njala. Mlembi analemba zonse pa gumbwa amene pano ali ku Turin ku Italy, ndipo imeneyi ndiyo sitiraka yakale kwambiri imene tili ndi umboni wake wolembedwa. Chodabwitsa n'chakuti maina aja amene ankandikana ndikuwaloweza anayamba kukhazikika okha. Ramesses III sindimamuiwala, ndi uja anachedwetsa malipiro.

Vuto la zaka linathera pabwalo la mpira. Tsiku lina Lamlungu ndinatenga ana anga awiri, tinaima pa golo n'kugwirizana kuti golo ndi lero, sitepe imodzi ndi zaka 100. Ufulu wa 1964, kubadwa kwanga, kubadwa kwa bambo anga, zonsezo zinathera mkati mwa sitepe yoyamba. David Livingstone akufika kunyanja kwathu mu 1859 tili pa sitepe yachiwiri. Makoma a Great Zimbabwe ali pachimake pa sitepe ya 7. Pa 20 Yesu wabadwa, ndipo kungosuntha pang'ono Cleopatra wamwalira, mu 30 BC. Ea-nasir ndi mkuwa wake tinamupeza pa 38. Piramidi yaikulu ya mfumu Khufu ku Giza, ya cha m'ma 2560 BC, inali pa 46. Paliponse tinkaikapo mwala. Mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali Sitandade 7, anayang'ana miyala ija n'kunena kuti, "Adadi, ndiye kuti Cleopatra ali pafupi ndi ife kusiyana ndi piramidi." Ndinawerenganso masitepe. Ankanena zoona, ndipo ine zaka zonsezo ndinkawaika awiriwa m'thumba limodzi. Mchimwene wake anafunsa za nsagwada ya munthu wamakedzana imene inapezeka ku Uraha ku Karonga mu 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Titawerengetsa tinapeza masitepe 24,000, mtunda woposa makilomita 15. Tinagwirizana kuti umenewo tidzayenda tsiku lina.

Tsopano matenda a munthu amene wakonda chinthu ndi ofuna kuuza aliyense. Apa ndinalakwitsa kwambiri. Pabawo anthu akuganiza zotakata, ine ndili pa mafumu a ku Assyria. Wogula utoto wa malita asanu ankachoka atamva za mtsinje wa Nile. Anandipatsa dzina loti a Farao, ndipo si kuti ankandilemekeza. Choipitsitsa chinachitika pamaliro ena usiku, tikuotha moto azibambo. Ndinayamba kufotokoza mmene ku Egypt ankakonzera mtembo masiku 70, ubongo akuutulutsira m'mphuno. Mmodzimmodzi anayamba kunyamuka, ati akukaona nkhuni. Nkhani inafika kwa azimayi kusanache. Tikubwerera, mayi a kunyumba sanakweze mawu, anangoti, "Bambo, pamaliro pomwe?"

Ndinakhala chete miyezi ingapo, ndipo ndinaona kuti ndikakhala chete kuwerenganso kumazirala. Nkhani yopanda woiuza imaola m'mimba. Ndiye ndinayenera kuphunzira kauzidwe.

Agogo anga ankayamba nthano ndi "Padangokhala", ndipo sankapitiriza mpaka titayankha kuti "Tili tonse". Ine ndinkayamba popanda wondiyankha. Ndinayamba kudikira kuti nkhani iitanidwe ndi zimene zikuchitika. Mabilidala ena anabwera kudzatenga simenti akudandaula kuti mwini nyumba watha masabata atatu osawalipira. Ndinati, "Anzanu a ku Egypt anadikira masiku ochepera apo, anakakhala pansi pakachisi." N'kukhala chete, ndikulemba risiti. Mmodzi anati, "Nde anawapatsa?" Ndinawauza kuti anapatsidwako, koma kuchedwa kunapitirira ndipo ananyanyalanso kangapo. Anachoka akutsutsana ngati kukhala pansi kumathandiza. Sabata yotsatira mmodzi anabwera wopanda chogula, anangofuna kudziwa ngati amisiri aja ankamenyedwa.

Umu ndi mmene kagulu kathu kanayambira, popanda wokakonza. Lamlungu masana timakhala pakhonde la shopu ine ndi anzanga asanu, nthawi zina asanu ndi mmodzi: mphunzitsi wa pulayimale, bilidala uja, mnyamata wa kabaza, mayi wina telala, ndi mkulu wa mpingo wina wopuma pantchito. Sindiphunzitsa. Wina amabweretsa nkhani imodzi, ena amafunsa, ndipo funso likasowa yankho limalembedwa m'kope. Ine monga wamalonda funso la munthu ndimaliona ngati ngongole. Sindigona bwino ndisanabweze. Kunena zoona, chimene chandiwerengetsa zaka zonsezi si khama langa ayi, ndi ngongole zimenezi.

Mkulu wa mpingo uja ndiye anandichotsa matama. Tsiku lina ndinanena motsimikiza kuti mapiramidi anamangidwa ndi ana a Israeli ali akapolo. Ndinali nditazimva kuyambira ndili mwana, ndinazionanso pa intaneti. Iwo anavula magalasi. "Achimwene, mwaziwerenga pati? Eksodo amatchula Pitomu ndi Ramesesi, midzi yosungiramo zinthu. Amatchula njerwa ndi udzu. Piramidi mulibe." Safunsa anadya phula, ine ndinadya pamaso pa gulu. Nditakafufuza ndinapeza kuti mapiramidi a ku Giza ndi amiyala, ndipo anamangidwa zaka zoposa 1,000 Ramesses woyamba asanabadwe. Pafupi nawo anafukula mudzi wa antchito, muli malo ophikira buledi, mafupa ambiri a ng'ombe ndi nkhosa zimene ankadya, ndi manda awo. Mu 2013, ku Wadi al-Jarf m'mphepete mwa Red Sea, anapeza zolemba za kapitawo wina dzina lake Merer, amene ndi gulu lake ankanyamula miyala pa ngalawa kuchokera ku Tura kupita ku Giza m'masiku a Khufu, akulemba tsiku ndi tsiku ngati mmene amachitira woyendetsa lole. Kuchokera pamenepo tili ndi lamulo limodzi lokha pakhonde paja: wabweretsa nkhani anene kumene waitenga. Zimene zimazungulira m'mafoni zopanda dzina la malo, chaka, kapena nyumba yosungira zakale kumene chinthucho chili, timazimvera ngati nthabwala.

Ngongole imene inandivuta kwambiri inachokera kwa mnyamata wa kabaza. Iye amayankhula pang'ono. Tsiku lina anangoti, "Bwana, anthu anu amenewa ankadziwa kuti kuno kuli anthu?" Ndinasaka mwezi wathunthu. Choyamba ndinapeza kabuku ka amalinyero kolembedwa m'Chigiriki m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, kotchula msika wa Rhapta m'mphepete mwa nyanja ya mchere chakum'mawa kwa Africa, kumene akatswiri ambiri amati ndi ku Tanzania, kogulako minyanga ya njovu ndi zigoba za akamba. Kenako ndinapeza nkhani ya Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri, uja wobadwa cha m'ma 484 BC. Iye akusimba kuti Necho, mfumu ya Egypt imene inalamulira kuyambira 610 mpaka 595 BC, yomwe ija m'Baibulo imatchedwa Farao Neko amene anapha mfumu Yosiya ku Megido, inatuma amalinyero a ku Phoenicia kuti azungulire Africa. Ananyamukira ku Red Sea kulowera kum'mwera. Nyengo yodzala ikafika ankakocheza, n'kulima, n'kudikira kukolola, n'kupitiriza. Zaka ziwiri zinatha, m'chaka chachitatu anatulukira ku Mediterranean n'kufika kwawo. Ndiye Herodotus akuwonjezera kuti anthuwa ananena chinthu chimene iye sakuchikhulupirira, ngakhale wina akhoza kuchikhulupirira: kuti pozungulira Africa dzuwa linali kudzanja lawo lamanja.

Ndinawerengera gulu m'Chichewa changa chomasulira ndekha, n'kufunsa kuti bodza lili pati pamenepa. Tinali mu June. Mkulu wa mpingo, amene walima moyo wake wonse, anati nyengo yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, n'chifukwa chake khonde loyang'ana kum'mwera limakhala lozizira tsiku lonse. Mphunzitsi anaimirira n'kutitulutsa panja. Tinaima pamsewu tonse, kuyang'ana kumadzulo ngati ngalawa imene ikukhota kunsonga kwa Africa. Dzuwa linali kudzanja lamanja, zithunzithunzi zathu zitagwera kumanzere. Kwawo kwa Herodotus dzuwa la masana limakhala kum'mwera chaka chonse, ndiye munthu woyang'ana kumadzulo amakhala nalo kumanzere. Chimene iye anachiyesa bodza ndicho umboni waukulu woti amalinyero aja anafikadi kum'mwera kuno, ngakhale akatswiri mpaka lero amatsutsanabe za ulendowo. Mnyamata wa kabaza anaima nthawi yaitali dzanja lili m'mwamba. Kenako anati, "Ndiye ife tikudziwa zimene mkulu ameneyu sankadziwa." Anthu odutsa ankationa ngati tapenga. Mnyamatayu pano ndi amene amabwereka mabuku anga kwambiri, ndipo amabweza ali ndi fungo la girisi.

Za kumene ndimapeza zowerenga sindichulutsa. Ogulitsa mabuku akale m'tauni akakuzolowera amakusungira. Ku laibulale ya boma kumapezeka mabuku a mbiri amene papita zaka osabwerekedwa. Zolemba zakale kwambiri ngati za Herodotus zili pa intaneti zaulere, ndimazitsitsa kamodzi bandulo ikakhalapo n'kumawerenga popanda netiweki. Chingerezi chikandikanika ndimadumpha, ndipo ndikamaliza mutu ndimalemba mizere itatu m'Chichewa ngati ndikuuza mayi anga. Ndikalephera ndiye kuti sindinamve. Buku likanditopetsa ndimalisiya, si ukwati. Ndimawerenga mphindi 20 m'mawa ndisanatsegule shopu. Anthu akagulitsa fodya ndi soya n'kuyamba kugula malata, pamatha miyezi iwiri osatsegula tsamba, ndipo ndinasiya kudziimba mlandu. Anthu anadikira zaka 3,000 pansi pa mchenga sangadandaule ndi miyezi iwiri.

Mayi a kunyumba, aja a mitala, anagwidwa ndi kalata imodzi. Ku Vindolanda, kumpoto kwa England kumene kunali asilikali a Rome, kunapezeka timatabwa topyapyala tolembedwa ndi inki. Pa kamodzi, ka cha m'ma 100 AD, mayi wina dzina lake Claudia Severa akuitana mnzake Sulpicia Lepidina ku phwando la tsiku lake lobadwa, akumutchula kuti mchemwali, ndipo kumapeto anawonjezera mawu otsanzika ndi dzanja lake. Anandiuza kuti ndiwawerengere kawiri. Kenako anafunsa ngati mnzakeyo anapita, n'kunena kuti zilembedwe m'kope.

Mayi telala uja ndiye anatikokera ku Africa. Anati mwatiuza za azungu ndi Aarabu mokwanira. Tinatha miyezi iwiri pa ufumu wa Kush, ku Sudan, dziko limene lili ndi mapiramidi ambiri kuposa Egypt. Kandake wa m'buku la Machitidwe si dzina la munthu, ndi udindo wa mafumukazi a kumeneko. Mmodzi wa iwo, Amanirenas, analimbana ndi Rome cha m'ma 25 BC, ndipo mutu wamkuwa wa chifaniziro cha Augustus, mfumu ya Rome, unapezeka mu 1910 ku Meroe, likulu la Kush, utakwiriridwa pansi pa masitepe a kachisi, kuti aliyense wolowa aziuponda. Mayi aja anaomba m'manja. Chimene chinandikhudza ine ndi zolemba za ku Meroe. Akatswiri amatha kutchula mawu ake chilembo ndi chilembo, koma tanthauzo la mawu ambiri linapita ndi eni ake.

Chaka chatha tinasonkha ndalama ya galimoto n'kupita ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula. Zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Ndinatenga azakhali anga, amene ndi namkungwi kumudzi kwathu, poti anali asanaoneko. Ku Mphunzi tinaima pansi pa thanthwe lojambulidwa zinthu zoyera zotambalala ngati abuluzi akuluakulu. Ine ndinali nditawerenga usiku wonse, ndinayamba kufotokozera gulu zimene akatswiri amanena. Azakhali sankandimvera. Anayandikira thanthwe lija, anayang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akuimba chamumtima. Kenako anakodola mayi telala ndi mayi a kunyumba, anawanong'oneza, atatu onse n'kuseka atagwira pakamwa.

Ndinatulutsa kope ndi cholembera. "Azakhali, tatiuzani, zikutanthauza chiyani?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe, bweza kabuku kakoko m'thumba. Izi si za amuna."